Madzi a pamsana sapha munthu

Mwana akadwala mutu, thupi nkutentha, khosi nkuuma, anthu ambiri m'midzi ya m'boma la Mecanhelas amayamba aganiza za malungo. Akayamba kukomoka, ena amati pali dzanja la munthu. Pamapita masiku awiri kapena atatu asanamukweze panjinga kupita naye kuchipatala ku Insaca, kapena kudutsa malire pa Entre Lagos kulowa m'Malawi. Ndiye adokotala akanena kuti atengeko madzi a pamsana, pamabuka mkangano. Agogo amakana, mayi amati adikire amalume, ndipo nthawi zina wodwalayo amathawitsidwa usiku.

Mantha amenewa ali ndi pochokera. Alipo amene anaona mbale wawo atabayidwa pamsana m'mawa, madzulo maliro. Koma chimene chinamupha ndi matenda oumitsa khosi, omwe anali atamudya kale. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mtundu wa matendawa woyamba ndi mabakiteriya utha kupha m'maola 24 okha, ndipo mwa anthu 6 odwala, mmodzi amamwalira. Ena opulumuka amatsala ogontha.

Madziwo ndi amene amazungulira ubongo ndi mtsempha waukulu wa mumsana. Munthu wamkulu amakhala nawo okwana pafupifupi mamililita 150, ndipo thupi limapanga ena pafupifupi 500 tsiku lililonse. Otengedwa kukayeza ndi a m'kabotolo kakang'ono, moti amabwereramo tsiku lomwelo. Singano imalowa chakumunsi m'chiuno, pansi pa pamene mtsemphawo umathera.

Madzi a munthu wabwino amakhala oyera mbee ngati a pamjigo. Akatuluka ambuu ngati otsukira mpunga, dokotala amadziwiratu kuti zinthu sizili bwino. Ku labotale amawerenga maselo oyera, amayeza shuga ndi mapuloteni, nkufufuza kachilombo kenikeniko. Apa ndiye pagona nkhani, chifukwa matenda oumitsa khosi sali amtundu umodzi. Ena amayamba ndi mabakiteriya, ena ndi TB, ena ndi nkhungu yotchedwa Cryptococcus yomwe imakonda kugwira anthu amene HIV yawafooketsa. Onsewa amaoneka mofanana pamphasa, mwinanso kufanana ndi malungo aakulu, koma mankhwala ake ndi osiyana. Kwa wodwala Cryptococcus, kuchotsako madziwo kumachepetsanso kuthina kwa m'mutu. Ndipo njira yatsopano yochizira matendawa imene WHO inavomereza mu 2022 inayesedwa m'zipatala za ku Blantyre ndi Lilongwe pamodzi ndi za m'maiko ena a mu Africa.

Katemera wa ana wathandiza. Dziko la Mozambique linayamba kupereka wa Hib mu 2009 ndi wa pneumococcus mu 2013, komabe sateteza ku mitundu yonse.

Ogwira ntchito zachipatala nawo ali ndi mbali yawo. Kungoonetsa singano ndi kuyankhula Chipwitikizi sikungachotse mantha a mayi wochokera m'mbali mwa nyanja ya Chiuta. Afotokozeredwe m'Chinyanja kapena m'Chilomwe, aonetsedwe kabotoloko, ndipo zotsatira zikabwera auzidwe zimene zapezeka.

Mafumu ndi eni mbumba agwirizane msanga, matenda asanagwe pakhomo, kuti amene waperekeza wodwala ali ndi mphamvu yovomera yekha. Amalume akakhala kumunda kapena kunyanja, uthenga ungawapeze mawa lake, maola 24 aja atatha kale.