Mawu a pamsika aja mumawasiya kuti mukamabwera kuchipatala?

Lero sindikamba za matenda, ndikufuna tikambirane za pakamwa pathupa.

Loweruka ndinali pamsika kugula ndiwo. Ndinapeza mayi wina amene amabwera kusikelo kwathu akugulitsa tomato. Bambo wina ankanenerera mtengo, koma mayiyo anawawerengera zonse: ndalama ya thiransipoti, ya chiphaso cha msika, mpaka tomato amene waphwanyika m'dengu. Bambowo analipira osawiringula. Ine ndinangoti kukamwa yasa, chifukwa mayi yemweyu akalowa m'chipinda changa maso amakhala pansi. Mwamva? "Eya anesi." Pali funso? "Ayi anesi."

Vutoli mbali ina ndi lathu ife anamwino, sindikana. Nditangoyamba ntchito ndinkayankhula ndi mawu obwereka. Ku koleji zonse tinaphunzira m'Chingerezi, ndipo kuwodi ndinatengera mkulu wina amene ankayankhula mothamanga ndi mokweza. Ndinkaganiza kuti namwino weniweni amamveka choncho.

Tsiku lina mzere unali wautali. Mwana anapezeka ndi malungo, ndinauza mayi ake za kamwedwe ka LA uku ndikuitana kale munthu wina. Anati eya. Patatha sabata anabweranso, mwana ali lefu kumsana. LA amamwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, kasanu n'kamodzi konse pamodzi, koma iwo analekeza tsiku lachiwiri thupi litazizira, otsalawo n'kusungira tsiku lina. Nditafunsa, anandiyankha motsitsa kuti, "Ndimafuna kufunsa, koma munali otanganidwa." Mwanayo anachira, koma mawu amenewo sanandichoke. Kuyambira pamenepo ndinasiya kufunsa kuti "mwamva?" Ndimati, "Tandiuzeni, mukafika kunyumba mukamumwetsa bwanji?" Ndipo ndimayankhula mmene ndimayankhulira ndi mayi anga.

Tsono mbali yanu. Tinaleredwa kuti pamaso pa akuluakulu sitichulutsa zonena, ndipo ulemu ndi wabwino. Koma kuchipatala kukhala chete kumavulaza. Palibe makina amene angatiuze kuti mwana wayamba liti kutentha thupi. Mukanena kuti dzulo, pamene papita masiku asanu, poopa kukalipiridwa, ife tiganiza molakwika. Ngati munagula mankhwala pagolosale n'kumumwetsa, nenani, ndipo kapepala kake mubwere nako. Ngati mwadumphitsa ma ARV, nenani masiku ake enieni.

Kwa amayi oyembekezera apa ndiye ndikutsindika. Ngati mwamwa mwanamphepo kapena mankhwala ena achikuda musanafike kuchipatala, tiuzeni mukangolowa. Ena mwa mankhwala amenewa amachititsa chiberekero kukoka mwamphamvu kwambiri. Ife tikapanda kudziwa n'kuwonjezera mankhwala athu olimbikitsa matenda, chiberekero chikhoza kung'ambika, mwananso akhoza kubanika. Manyazi a mphindi ziwiri sangafanane ndi zimenezo.

Musadzivutenso kusaka mawu a kuchipatala. Mukati "liwombo lalowa", ine ndadziwa kale kuti madzi achepa m'thupi mwa mwana. Mukati "akupuma mobanika, nthiti zikulowa m'kati", ndikuganiza kale za chibayo. Mawu anu akumudziwo ndi amene amatithandiza.

Ndikudziwa ena anena kuti, "Anesi, tikayankhula mumatinyoza." Zimachitika, ndipo si zoyenera. Wina akakunyozani, funsani wamkulu wa pachipatalapo, kapena kauzeni a komiti ya chipatala ya m'dera lanu. M'zipatala zambiri za boma mulinso a Ombudsman olandira madandaulo. Koma musalange mwana wanu chifukwa cha mkamwa moipa mwa munthu mmodzi.

Kumene kumavuta kwambiri ndi kunyumba. Mwana wasiya kuyamwa, akusanza chilichonse, kapena wakomoka, inu mtima ukukuuzani kuti tinyamuke, koma apongozi akuti tione mawa, bambo akuti ndalama ya kabaza palibe. Ndalandirapo ana ambiri amene anafika mochedwa, mayi n'kumati, "Ine ndimaona, koma sindikanatha kunena." Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amene amagona ndi mwanayo pamphasa ndinu, amene mwaona kusintha ndinu. Sindikuti muchite mwano. Mukhoza kugwada bwinobwino n'kunena kuti, "Amayi, ndakumvani, koma mwanayu sanayamwe kuyambira m'mawa. Ndikupita naye kuchipatala, tiyeni tipitire limodzi." Ku banki m'khonde wina akalakwitsa masamu a masheya anu mumadikira mawa? Nanunso abambo amene mukuwerenga, mayi akanena kuti mwana sali bwino, yambani mwasaka njinga, zokambirana zibwere pambuyo.

Mayi wa tomato uja ndinamuuza zonsezi pomwepo pamsika, kuti mawu amene wagonjetsera bambo aja adzabwere nawo kusikelo. Anaseka, kenaka anayang'ana uku ndi uku n'kundinong'oneza funso limene wakhala nalo chaka chathunthu. Chiyambireni jakisoni wolera wa miyezi itatu anasiya kusamba, ndipo anzake anamuuza kuti magazi akuunjikana m'mimba. Ndinamufotokozera kuti zimenezi zimachitika kwa amayi ambiri a jakisoni, magazi saunjikana paliponse, kungoti chiberekero sichikonza magazi oti atuluke mwezi ndi mwezi. Anapumira m'mwamba. Chaka chonse mayiyu amagona ndi mantha, akudutsa pakhomo panga miyezi itatu iliyonse.

Tomato ndinagula milu iwiri. Nditapempha kuti andichotsereko, anakana.