Ohio State itataya anyamata 14 mu 2025: funso linali lakuti chikho chikhalabe ku Columbus kapena chapita

Loweruka pa 30 Ogasiti 2025 mzinda wa Columbus ku America unaima kaye. Timu ya yunivesite ya Ohio State, yomwe inkasunga chikho cha dziko lonse cha mpira wa ku America wa m'makoleji, inalandira Texas pa bwalo la Ohio Stadium, lomwe mumalowa anthu 102,780. Gemu inayamba 12 koloko masana kwawoko, yomwe ku Malawi ndi ku Zambia ndi 6 koloko madzulo. Pa mndandanda wa AP, womwe atolankhani amasanja matimu sizoni isanayambe, Texas inali pa nambala 1, Penn State pa 2, Ohio State pa 3. Ndiye taganizani, akatswiri anayamba kuteteza chikho chawo pokumana ndi timu yomwe ambiri ankati ndi yoopsa kuposa zonse. Chodandaulitsa masapota n'choti anyamata ambiri amene anabweretsa chikhocho kulibenso.

Chikho chimenechi chinabwera pa 20 Januwale 2025 ku Atlanta, pomwe Ohio State inakwapula Notre Dame 34-23. Aka kanali koyamba kuti ndime yomaliza ya mpikisanowu ikhale ndi matimu 12, ndipo Ohio State inadutsa Tennessee, Oregon, Texas kenako Notre Dame. Timuyo inali ya anyamata okhwima, ambiri mwa iwo anakana kupita ku NFL chaka chapitacho kuti ayesenso kamodzi. Zinatheka. Koma mpira wa kukoleji suli ngati wa makalabu, komwe ukhoza kusunga katswiri wako zaka khumi. Wosewera amakhala ndi masizoni anayi basi, ndipo akatha zaka zitatu chimalizireni sekondale ali ndi ufulu wopita ku NFL. Timu ikatenga chikho ndi anyamata akuluakulu, chaka chotsatira imalipira.

Mu Epulo 2025, pa NFL Draft ya ku Green Bay, matimu anatenga osewera 14 a Ohio State. Anayi anapita mu raundi yoyamba: Emeka Egbuka ku Tampa Bay, Donovan Jackson ku Minnesota, Tyleik Williams ku Detroit ndi Josh Simmons ku Kansas City. Othamanga ndi mpira awiri, Quinshon Judkins ndi TreVeyon Henderson, omwe aliyense anapitirira mayadi 1,000 sizoni ya 2024, anapita ku Cleveland ndi ku New England. Will Howard, quarterback amene anawatengera chikho, anapita ku Pittsburgh.

Kwa amene mwangoyamba kutsata mpirawu kudzera m'timavidiyo ta pa TikTok ndi YouTube, quarterback ndi amene amalandira mpira koyamba n'kusankha kuuponya kwa mnzake, kuupereka kwa wothamanga, kapena kuthamanga nawo yekha. Iyeyu akasokonezeka, timu yonse yasokonezeka. Mu 2025 kochi Ryan Day anapereka udindowu kwa Julian Sayin, yemwe anapambana Lincoln Kienholz pa mpikisano wa kukampu. Sayin anachokera ku Alabama kumayambiriro kwa 2024 kochi Nick Saban atapuma ntchito. Luso ali nalo, amaponya msanga komanso molunjika. Koma sizoni ya 2024 anaponya mpira ka 12 kokha, ndipo anali asanayambepo gemu ngakhale imodzi ya kukoleji. Howard pobwera ku Columbus anali atasewera kale zaka zinayi ku Kansas State. Kusiyana kwake n'kumeneko.

Chomwe chingamupepukitsire katundu ndi anthu amene aziwaponyera. Jeremiah Smith, m'chaka chake choyamba chokha, anawakha mipira 76, mayadi 1,315 ndi ma touchdown 15. Ndi yemwe uja anawakha mpira wa mayadi 56 kumapeto kwa fainolo, Notre Dame itayamba kufufuma, nkhani n'kuthera pomwepo. Malamulo sakumulola kupita ku NFL mpaka 2027, ndiye Columbus imudyererabe. Pambali pake panali Carnell Tate, komanso anagula Max Klare kuchokera ku Purdue. Ntchito ya Sayin siyofuna zamatsenga ayi: apeze Smith, asataye mpira, basi.

Pomwe panali bala lenileni ndi ku difensi. Anyamata anayi onse a mzere wakutsogolo, omwe ntchito yawo ndi kugwetsa quarterback wa adani ndi kutseka njira ya othamanga, anapita: Jack Sawyer, JT Tuimoloau, Tyleik Williams ndi Ty Hamilton. Amene munaonera semifainolo ya Texas mukukumbukira momwe Sawyer analandira mpira kwa Quinn Ewers n'kuthamanga nawo mayadi 83 mpaka kukachinya, Texas ili pafupi kubweza. Zinthu ngati zimenezo amachita ndi anthu amene asewera limodzi zaka zambiri. Otsala monga Kayden McDonald, Kenyatta Jackson ndi Caden Curry anali akudikira mpata wawo, ndipo mu 2025 unafika. Kumbuyo kwawo zinthu zinali bwinoko chifukwa Caleb Downs ndi Sonny Styles analipo. Komabe wotchinga kumbuyo, angakhale katswiri bwanji, sangathamangitse munthu mpaka kalekale ngati akutsogolo akumupatsa quarterback nthawi yoti aganize.

Nawonso aphunzitsi anasintha, ndipo ambiri pa intaneti sankaikambirana mokwanira nkhani imeneyi. Chip Kelly, amene ankakonza kasewereredwe ka kutsogolo, anapita ku Las Vegas Raiders. Jim Knowles wa difensi anapita ku Penn State, timu ya mu Big Ten momwemo, yomwe inabwera ku Columbus pa 1 Novembala 2025. Munthu amene amadziwa mphamvu ndi zofooka za mnyamata aliyense wa difensi ya Ohio State anali akudya nsima kwa adani. M'malo mwa Kelly anakweza Brian Hartline, yemwe amadziwika ndi kupeza komanso kusula owakha mpira. M'malo mwa Knowles anabweretsa Matt Patricia, amene anayendetsa difensi ya New England Patriots kuyambira 2012 mpaka 2017, koma ukochi wamkulu unamukanika ku Detroit Lions, ndipo panali patadutsa zaka zoposa 20 asanaphunzitsenso kukoleji. Kuphunzitsa bambo wa zaka 28 amene mpira ndi ntchito yake n'kosiyana ndi kuphunzitsa mnyamata wa zaka 19 yemwe m'mawa anali m'kalasi.

Mbiri ikutiuza chiyani? LSU inapambana magemu onse 15 mu 2019, kenako inataya osewera 14 ku NFL kuphatikizapo quarterback Joe Burrow, ndi aphunzitsi Joe Brady ndi Dave Aranda. Mu 2020 inapambana 5, kugonja 5. Michigan inatenga chikho cha 2023, J.J. McCarthy ndi kochi Jim Harbaugh n'kuchoka, ndipo mu 2024 inamaliza ndi 8-5. Georgia ndi yomwe inakwanitsa: inataya osewera 15 itatenga chikho cha 2021, n'kudzatenganso cha 2022 osagonja. Koma Georgia inasunga quarterback wake Stetson Bennett komanso mphunzitsi wa kutsogolo Todd Monken. Mukaika zitatuzi pamodzi muona kuti kuchuluka kwa anthu ochoka pakokha sikupha timu. Chomwe chimapha ndi kusintha quarterback ndi aphunzitsi nthawi imodzi. Pamenepa Ohio State ya 2025 inkafanana kwambiri ndi LSU kusiyana ndi Georgia, ndipo masapota asadzinamize.

Panali zinthu ziwiri zomwe zinkaisiyanitsa ndi LSU ija. Choyamba ndi ndalama. Sizoni ya 2024 zinamveka kuti osewera a Ohio State analandira pafupifupi madola 20 miliyoni onse pamodzi kudzera mu NIL, dongosolo lolola wosewera kupanga ndalama ndi dzina komanso nkhope yake. Mu Juni 2025 khoti linavomereza mgwirizano wa mlandu wa House, womwe unalola yunivesite kugawira yokha osewera ake ndalama zofika madola 20.5 miliyoni pa chaka nthawi imeneyo. Kuonjezera apo, osewera tsopano amasamuka sukulu popanda kukhala chaka pa benchi. Timu ya ndalama imatha kutseka mipata msanga, ngati momwe anatengera CJ Donaldson ku West Virginia kuti athandizane ndi James Peoples pothamanga ndi mpira.

Chachiwiri ndi kakonzedwe ka mpikisano. Kale, pomwe ndime yomaliza inali ya matimu anayi, kugonja kamodzi kunali kokwanira kukutulutsa. Ohio State imadziwa bwino zimenezi: mu 2015, ikuteteza chikho, inagonja kamodzi kokha, 17-14 kwa Michigan State, ulendo n'kuthera pomwepo. Mu 2025 mipando inalipo 12, ndipo sizoni ya 2024 timu yomweyi inagonja kawiri koma chikho n'kutenga. Choncho ngakhale Arch Manning ndi anzake a Texas akanawina Loweruka limenelo, sizikanatanthauza kuti zatha. Timu ya ana imayamba mojejema, chofunika ndi momwe idzakhalire pofika Novembala.

Ndipo mu Novembala ndi momwe muli gemu yomwe anthu a ku Columbus amaiwerengera kuposa zonse. Pofika Ogasiti 2025, Ohio State inali itagonja kwa Michigan kanayi motsatizana, ndipo inali itawina komaliza mu 2019. Mu 2024 inagonjera pakhomo 13-10, pambuyo pake pakati pa bwalo panabuka ndewu chifukwa cha mbendera mpaka apolisi kulowererapo. Masabata amenewo ambiri ankafuna Day achotsedwe ntchito. Chikho chinawatontholetsa, ndipo yunivesite inamupatsa kontrakiti yofika 2031. Koma pa magemu asanu omwe anali atakumana ndi Michigan anali atawina imodzi yokha, ndipo pa 29 Novembala 2025 anapita ku Ann Arbor ndi quarterback amene anali asanaseweremo m'bwalo limenelo.

Ndiye nthawi imeneyo tinkayembekezera chiyani? Kulowa mu matimu 12 aja kunkaoneka kotheka ndithu, chifukwa timu yomwe inali ndi Smith ndi Downs sikanagwa ngati momwe LSU inagwera. Kutenganso chikho inali nkhani ina, ndipo Texas ndi Penn State, yomwe inasunga Drew Allar, Nicholas Singleton ndi Kaytron Allen, zinkaoneka kuti zili patsogolo pang'ono. Loweruka limenelo chofunika sichinali zigoli zokha. Chofunikanso chinali kuona ngati anyamata anayi atsopano aja akumufikira Manning, komanso ngati Sayin akutulutsa mpira msanga akapanikizidwa. Maganizo anali akuti ziwirizi zikayenda bwino, ngakhale atagonja, Columbus ikhoza kugona tulo.