Mphamvu ya madzi imathera m'makona a mapaipi

Pamene namondwe wa Freddy adakokolola mapaipi a madzi m'maboma a Thyolo, Mulanje ndi Blantyre mu Marichi 2023, nkhani yomwe idakula pakamwa pa anthu idali ya ndalama zokonzera. Funso lomwe silimveka kawirikawiri ndi lakuti mapaipi atsopanowo amalumikizidwa motani. Komatu kwa anthu a m'mapiri ngati a kwa Nsabwe ku Thyolo, yankho lake ndi lomwe lingachititse kuti mpopi utulutse madzi kapena uume.

Madzi akamayenda m'paipi, amene akukhudza khoma amayenda pang'onopang'ono kuposa a pakati. Katswiri wa ku Germany, Ludwig Prandtl, adafotokoza za kagawo kopyapyala kameneka mu 1904. Paipi ikakhota kapena kukula mwadzidzidzi, madzi a m'mbaliwa amalephera kutsata khoma, ndipo amayamba kuzungulira ngati a padziwe la m'munsi mwa mathithi. Kuzungulirako kumadya mphamvu yomwe ikadakankha madziwo kupita kumtunda. Liwiro la madzi likawirikiza kawiri, mphamvu yotayikayo imawirikiza kanayi.

Kumene madzi amapopedwa ndi makina, chitayiko chimenechi chimalipiridwa ndi magetsi. Bungwe la Blantyre Water Board limatunga madzi ake ambiri pa Walker's Ferry mumtsinje wa Shire n'kuwakweza mamita pafupifupi 800 kudzera ku Chileka. Mphamvu iliyonse yotayika panjira imakakweza bilu ya Escom, ndipo pamapeto pake woilipira ndi mwini mpopi. Eni minda ya tiyi amene amathirira ndi mapampu nawonso sathawa vutoli.

Kumidzi zinthu n'zosiyana. Mipopi yodalira kutsetsereka kwa madzi kuchokera m'mapiri, yomwe idayambira ku Chingale m'boma la Zomba mu 1968, ilibe pampu yobwezeretsa mphamvu yotayika. Ikachepa, mpopi woyamba kuuma ndi wa kumapeto kwa mzere, ndipo amayi a kumeneko amabwerera kumtsinje.

Njira zopewera vutoli n'zodziwika: makona okhota pang'onopang'ono, zolumikizira zokula mwapang'onopang'ono, mavalavu otsekuka mokwanira ndi paipi yaikulu bwino yochepetsa liwiro. Zipangizozi n'zokwererako mtengo pogula, koma ndalamayo imatuluka kamodzi, pomwe kona loipa limadya mphamvu tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri.

Choncho makhonsolo ndi mabungwe a madzi akamapereka makontirakiti, asamangowerenga makilomita a mapaipi oikidwa. Aziyezanso mphamvu ya madzi pampopi womaliza asanalipire kontirakitala.