MAFUTA AKUTHA MSANGA M'TIMAGALIMOTO TATHU: KODI MLANDU NDI WA PAMPU CABE?

Paliponse pamene matakisi amaima kuyembekeza anthu, kaya pa Kapata ku Chipata, pa Katete Stores, ku Petauke kapena ku Lundazi, dandaulo ndi limodzi lakuti mafuta a masiku ano sakhalitsa m'thanki. Ena akuti pampu zimaba, ena akuti petulo amabwera atasungunulidwa kale. Alimi amene anagula ka Corolla kapena ka Vitz atagulitsa fodya, thonje ndi soya akunenanso zomwezo. M'maparishi ndi m'mipingo ina nkhani ya mafuta a galimoto yoyendera akhristu a kumidzi yafika poyambanitsa komiti ndi dalaivala.

Kudandaula kumeneku nkomveka. Mu Disembala 2021 boma linacotsa ndalama zimene linali kuikako kuti mafuta achipe, ndipo lita imodzi ya petulo inacoka pa K17.62 kufika pa K21.16. Mu 2022 bungwe la Energy Regulation Board, ERB, linayamba kulengeza mitengo mwezi ndi mwezi, molingana ndi mtengo wa mafuta kumaiko akunja ndiponso mphamvu ya kwacha pa dola. Pofika mu 2024 lita inadumpha K30. Fakitale ya Indeni ku Ndola inaleka kuyenga mafuta, ndipo paipi ya TAZAMA yocokera ku Dar es Salaam inayamba kunyamula dizilo woyenga kale mu 2023, pamene petulo amabwera ndi malole. Pa zonsezi mlimi wa ku Chadiza alibe mau.

Koma ife tiona kuti anthu akusakaniza nkhani ziwiri. Mtengo wa lita ndi nkhani ina, ndipo mtunda umene lita imodziyo ikufikitsa galimoto ndi nkhani inanso. Yoyamba ili m'manja mwa boma ndi amalonda akunja. Yaciwiri, mbali yake yaikulu, ili m'manja mwa mwini galimoto ndi makanika wake, ndipo ndiyo imene ikudya ndalama mwakacete-cete.

Tiyeni tiwerengere pamodzi. Kucokera ku Chipata kufika ku Lusaka ndi makilomita pafupi-fupi 570. Tinene kuti galimoto inali kuyenda makilomita 15 pa lita imodzi, ndiye kuti ulendowo unali kudya malita 38. Ikatsika kufika pa makilomita 11 pa lita, ulendo womwewo udzadya malita 52. Malita 14 oonjezerawo, pa K30 lita imodzi, ndi K420 popita pokha. Mu 2024 bungwe la FRA linali kugula thumba la cimanga la makilogramu 50 pa K330. Tsono munthu wataya thumba lathunthu ndi kanthu pamwamba asanabwerere nkomwe kwao.

Coyamba ndi kudziwa zoona zake. Ambiri a ife timathira mafuta a K100 kapena K200 ndi kumayang'ana singano. K200 ya lero siigula malita amene inali kugula mu 2021, motero singano idzatsika msanga ngakhale galimoto ili bwino-bwino. Njira yoyezera ndi iyi: dzazani thanki kufikira pampu itadula yokha, lembani makilomita amene akuoneka kutsogolo kwa dalaivala, yendani monga mwa masiku onse, ndipo mukadzazenso pa pampu yomweyo. Gawani makilomita amene mwayenda ndi malita amene alowa kaciwiri. Mukacita tero kawiri kapena katatu mudzadziwa ngati galimoto yayambadi kumwa, kapena ngati ndi ndalama yacepa mphamvu.

Ngati yayambadi kumwa, poyambira kufufuza ndi pa kutentha kwa injini. Timagalimoto tambiri ta m'cigawo ca Kum'mawa tinabwera kucokera ku Japan titagwirako kale nchito, ndipo pali mwambo umene wafala pakati pa amakanika ena wakuti galimoto ikangofika, kapena ikatenthako kamodzi, amacotsamo thermostat. Amati kacitsulo kameneka nka kumaiko ozizira, kuno kulibe nako nchito. Zimenezi si zoona, ndipo zataitsa anthu ndalama zambiri.

Thermostat ndi kacitseko kamene kali pa njira ya madzi pakati pa injini ndi radiyeta. Injini ikakhala yozizira kamatseka kuti itenthe msanga, ndipo madzi akafika pa madigiri 80 ndi kanthu kamatseguka kuti akazizire. Galimoto za masiku ano zili ndi kompyuta imene imayeza petulo wolowa m'injini. Kompyuta ikamva kuti injini ikali yozizira imathira petulo wambiri, monga mmene madalaivala akale anali kukokera choki m'mawa. Mukacotsa kacitseko kaja madzi amangozungulira nthawi zonse, injini imacedwa kutentha, ndipo pa mseu waukulu, potsetsereka, kapena m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi siifika nkomwe pa kutentha koyenera. Pamenepo galimoto imakhala ngati ikuyenda choki cili cokoka. Petulo wotsala osapsa amadetsa mapulagi, amatsuka oilo m'mbali mwa mapisitoni ndi kutsikira pansi kukasungunula oiloyo, motero injini imakalamba msanga.

Cizindikiro cake ncosabvuta kuona. Singano ya kutentha iyenera kufika capakati mutayenda mphindi zocepa ndi kukhazikika pomwepo. Ngati ikhalira pansi, kapena itsika mukamatsetsereka, kapena ngati kanyali ka buluu kapena kobiriwira ka mu Vitz kacedwa kuzima, funsani ngati thermostat ilimo. Galimoto imene itentha kwambiri ili ndi nthenda ina: radiyeta yotsekeka ndi dzimbiri cifukwa ca madzi a pacitsime, cibvundikiro cakutha, fani yosazungulira kapena pampu ya madzi yofooka. Kucotsa thermostat kumangobisa nthendayo kwa kanthawi.

Caciwiri ndi kanyali kacikasu kokhala ndi cithunzi ca injini. Tikudziwa kuti madalaivala ambiri amayenda nako koyaka miyezi ndi miyezi, ena amamatapo tepi, ndipo ogulitsa ena osakhulupirika amacotsa babu lake. Kanyali kameneka kawiri-kawiri kamachula za sensa imene ili pa paipi ya utsi. Nchito ya sensayo ndi kununkhiza utsi ndi kuuza kompyuta ngati petulo wacuruka kapena wacepa. Ikafa, kompyuta imayenda mongoganizira, ndipo imasankha kuthira wambiri. Unduna woona za mafuta ndi magetsi ku America unalembapo kuti kukonza sensa yakufa yotere kungabweze mtunda wa pa lita mpaka 40 peresenti pa galimoto imene inali itaonongeka kwambiri. Pafupi ndi sensayo pali cisa conga ca njuci coyeretsa utsi. Cikatsekeka injini imabanika ndi kusowa mphamvu, ndipo anyamata amene amaciswa kuti akagulitse cifukwa ca miyala ya mtengo wapatali imene ilimo amasiya nthambo za sensa zitaduka. Pogula galimoto tembenuzani kiyi osaliza injini: kanyali kaja kayenera kuyaka, ndi kuzima injini ikalira. Ngati sikayaka konse, dziwani kuti wina anagwirapo.

Zina nzodziwika kale koma timazinyalanyaza. Mapulagi wamba amafuna kusintha pa makilomita ngati 20,000, pamene a iridium enieni amafika 100,000, koma pamsika pali abodza ambiri okhala m'tumabokosi tokongola. Oilo wolimba wa 20W-50 amene ambiri amakonda si amene anapangira injini zazing'onozi, zambiri zimafuna wopepuka monga 5W-30, ndipo wolimba amalemetsa injini makamaka m'mawa. Sefa ya mpweya ikadzaza pfumbi galimoto imafooka ndipo phazi limaponda kwambiri. Coipa koposa ndi kuicotsa kapena kuipopa ndi mphepo yamphamvu mpaka kuboola, cifukwa pfumbi limakamata pa sensa yoyeza mpweya ndi kudya maring'i. Pa miseu yathu ya dothi m'cirimwe sefa iyenera kuonedwa mwezi ndi mwezi.

Kunsi kwa galimoto nakonso kuli akuba ake. Matayala ocepa mpweya angaonjezere mafuta mpaka 3 peresenti, ndipo muyeso woyenera unalembedwa pa kapepala kamene kali pa mphuthu ya citseko ca dalaivala, osati kumenya tayala ndi phazi. Maenje a m'miseu amapotoza miyendo, galimoto nkumayenda cokhwekhwereza, ndipo tayala lodyeka mbali imodzi ndiye mboni. Matope a dzinja amaumitsa mabuleki kuti asabwerere bwino. Mukayenda mtunda pang'ono osaponda buleki kwambiri, yandikizani dzanja pa gudumu liri lonse, limene latentha kuposa anzake ndiye kuti lagwira. Onaninso pansi pamene galimoto yagona, pakuti miyala imaboola mathanki ndi mapaipi, ndipo pfungo la petulo m'mawa si cinthu cozolowera.

Tsopano tifike pa ife eni. Ka Corolla anakapangira anthu 5 ndi katundu pang'ono, zonse pamodzi makilogramu ngati 400. Matumba 8 a fataleza akwanitsa kale muyeso umenewo dalaivala asanakwere. Koma pa nthawi yotenga fataleza ndi yokolola timaona timagalimoto timeneti titanyamula anthu 7, matumba kumbuyo, njinga ndi malata padenga, titakhala pansi ngati bakha. Kulemera kumadya mafuta pa citunda ciri conse, ndipo katundu wa padenga amachinga mphepo. Liwiro nalonso liri ndi mtengo wake, pakuti pa makilomita 120 pa ola mphepo imakankha galimoto mopitirira kawiri kuposa pa makilomita 80. Mseu wa Great East pamene unakonzedwa kucokera pa mlatho wa Luangwa kufika ku Mwami, madalaivala ambiri anapeza mpata wothamanga, ndipo zimene apindula pa nthawi akuzilipira pa pampu. Kusiya injini ikulira pa siteshoni kuti anthu aganize kuti galimoto ikunyamuka, kapena kuitenthetsa mphindi 10 m'mawa, ndi kuocha ndalama muli ciimire. Pang'ono-pang'ono ndi mtolo, anatero makolo, ndipo mtolo umenewu ndi wa ngongole.

Sitikunena kuti ogulitsa mafuta onse ndi oyera mtima. Kumidzi kumene malo omwetsera mafuta ali kutali anthu amagula petulo wa m'zigubu ndi m'mabotolo m'mbali mwa mseu, ndipo wina amakhala wosakaniza ndi palafini kapena wolowa madzi ndi dothi. Petulo wotere amaliza injini ngati muli misomali, amacepetsa mphamvu, amatseka majekiseni a mafuta ndi kupha sensa ija. Botolo limene amati lita imodzi palibe amene analiyeza. Kugulitsa mafuta popanda laisensi ya ERB ndi mlandu, ngakhale tidziwa kuti munthu amene ali ndi wodwala usiku safunsa laisensi. Pa malo obvomerezeka, bungwe la Zambia Metrology Agency ndilo limayeza mapampu ndi kumatapo cizindikiro, ndipo ERB inayamba mu 2018 kuika mankhwala ozindikiritsa m'mafuta kuti osakaniza azigwidwa. Wogula ali ndi ufulu woona kuti pampu yayambira pa ziro, woyang'ana cizindikiro cija, ndi wotenga lisiti. Amene akayikira akadandaule kumabungwe amenewa ali ndi lisiti m'manja, osati kungonena pa mowa.

Kwa makomiti a maparishi, mipingo ndi makopaletivu a alimi tikuti gulani kabuku ka maulendo kazikhala m'galimoto. Muzilemba tsiku, kumene yapita, makilomita ponyamuka ndi pobwera, ndi malita amene athiridwa. Msungicuma aziwerengera mwezi ukatha. Kabuku kameneka kamagwira wopopa mafuta usiku, koma kamatetezanso dalaivala wosalakwa amene akunamiziridwa kuba pamene wakuba ndi thermostat imene inacotsedwa caka catha. Ndalama za mafuta amenewa ndi za mtulo ndi copereka ca amai ogulitsa tomato, ndipo mafuta akatha mwezi usanathe ndiye kuti akhristu a kumidzi sayenderedwa ndipo wodwala safika ku St Francis kapena ku Mwami pa nthawi yake.

Boma nalo liri ndi mbali yake. Miseu ya kumidzi ikapalidwa dzinja lisanafike ndi likatha, matayala ndi miyendo ya galimoto zimakhalitsa ndipo mitengo ya matakisi siikwera mwacisawawa. Oyeza mapampu ndi mafuta azifika kawiri-kawiri m'maboma ang'ono-ang'ono, osati m'matauni akulu-akulu mokha. Masukulu a nchito za manja, monga Chipata Trades, angathandize kwambiri poitana amakanika a pansi pa mtengo ku maphunziro afupi-afupi a galimoto za kompyuta, cifukwa ambiri a iwo anaphunzira nchito pa galimoto zakale za kabuleta ndipo ali ndi luso, cimene akusowa ndi cidziwitso ndi makina owerengera nthenda.

Mtengo wa lita udzapitiriza kukwera ndi kutsika monga mwa dola ndi nkhondo za kutali. Pamene tikuyembekeza cilengezo ca ERB, mwini galimoto ali yense ayeze mafuta ake, apope matayala, ayang'ane singano ya kutentha, ndipo makanika akafuna kucotsa kanthu m'injini amufunse kuti amene anapanga galimoto anakaikiramo ciani. Safunsa anadya phula.