NZELU ZA PAKHOMO: Kacipangizo ka Kukhola Kakakhala Cete

Masiku ano alimi ena amadzilumikizila okha tizipangizo topima kutentha m'khola la anapiye. Tizipangizo ta mtundu wa Zigbee timafikitsa uthenga kunyumba popanda waya, kena kupatsila kanzake monga amacitila anthu popatsilana njelwa.

Ka kukhola kakakhala cete, ambili amathamangila kugula katsopano, cikhalileco vuto lili panjila. Tizipangizo ta mabatile timagona kuti tisunge mphamvu, motelo sitinyamula uthenga wa tinzake. Tonyamula ndi tija tolumikizidwa ku magetsi. Munthu akazima soketi, kapena magetsi akathima, njila yaduka.

Conco mwini khola ayambe waona soketi, kenaka mabatile. Malata ndi zipupa zocindikala zimafooketsa mafunde, ndipo m'nyumba kawilikawili uthenga umangofika mamita 10 mpaka 20. Mtunda ukatalika, aike kena ka magetsi pakati. Wi-Fi nayonso imayenda pa 2.4 GHz, ndiye ziwilizi zisaikidwe moyandikana.

Anapiye a sabata yoyamba amafuna kutentha kwa madigili 32 mpaka 35. Vuto likalibe kukonzedwa, mwini khola azipita yekha kukawaona usiku.