Tiwerenge Odya Tisanagule Sola

Caka ciliconse tikagulitsa cimanga, nshawa ndi soya, ambiri a ife kuno ku Chikomeni timapita ku Boma la Lundazi kukagula sola. Ndi nzeru yabwino. Cilala ca mu 2024 citacepetsa madzi ku Kariba, ngakhale anzathu a m'tauni anagona mumdima. Koma comvetsa cisoni n'cakuti pofika Febuluwale mabatili ambiri amakhala atafa, ana abwerera ku koloboyi, ndipo ndalama ya thukuta lathu yapita.

Timafulumira kunena kuti wogulitsa anatinyenga. Nthawi zina n'zoona, koma kawirikawiri colakwa ndi cathu: timagula tisanawerenge. Abale, panelo ndi munda, batili ndi nkhokwe, ndipo mababu, wailesi ndi TV ndiwo odya. Kodi alipo mlimi womanga nkhokwe osadziwa kuculuka kwa banja lake?

Kawerengedwe kake sikovuta. Pa cipangizo ciliconse pamalembedwa mawati ake. Ticulukitse mawatiwo ndi maola amene cimayaka pa tsiku. Mababu anayi a mawati 5, kwa maola 5, adya 100. Wailesi ya mawati 10, kwa maola 4, idya 40. TV ya mawati 40, kwa maola 3, idya 120. Mafoni atatu adya pafupifupi 40. Zonse pamodzi ndi 300 pa tsiku.

Tsono munda ukule bwanji? Mphamvu ina imatayika m'mawaya ndi m'batili, motero tiyenera kukolola 400. Dzuwa lamphamvu limakhala pafupifupi maola 5 pa tsiku. Tikagawa 400 ndi 5 tipeza 80. Koma pokumbukira mitambo ya dzinja, tigule panelo ya mawati 100.

Nanga nkhokwe? Pa batili yolembedwa 12V 100Ah, ticulukitse 12 ndi 100, tipeza 1,200. Batili ya asidi siyenera kudyedwa kupitirira theka, monga momwe sitidyera mbewu yosungira kubzala. Tingatape 600 cabe, ndiko kuti cakudya ca masiku awiri a mvula. Tikamaikokolola usiku uliwonse, sikhalitsa. Batili ya galimoto nayo inapangidwira kuliza injini, osati kuunikira nyumba usiku wonse.

Tisamanenso ndalama ya kontrola, kabokosi koteteza batili kuti isadzaze mopitirira. Panelo iyang'ane kumpoto, kutali ndi mthunzi wa mango, ndipo tizipukuta fumbi. Nsimbi yamagetsi ya mawati 1,000 imadya pa ola limodzi zimene nyumba yonse ikanadya masiku atatu. Imeneyo isiyeni, makala alipo.

Pempho lathu ndi ili: tikatha mapemphero a m'miphakati, titenge pensulo ndi kope, tiitane ana athu a sukulu atithandize masamu. Popita ku sitolo tinyamule pepala limenelo. Wogulitsa amene safunsa zimene tidzalumikiza, timutsanzike mwaulemu, tilowe khomo lina. Paja akulu anati safunsa anadya phula.