Lamba alibe mlandu

Pali fumbi lina lakuda limene munthu wodziwa injini akaliona mtima umamugunda. Si mwaye, si oyilo wouma. Ndi lamba amene akupereseka pang'onopang'ono. Limamatirira pa alternator, pamitu ya mabawuti ndi pansi pa injini, ndipo ukalipaka pachala limanunkha labala wopserera. Ukalipeza, usathamangire kusitolo. Yang'ana kaye mapule, timagudumu tija lamba amayendapo.

Mphwanga wina, mwana wa mlongo wanga, ali ku Durban komwe amasamalira maboti amatanga a anthu achuma padoko. Sabata yatha ananditumizira chithunzi pa WhatsApp: pule yofiirira ndi dzimbiri, m'kangalande kake muli timaenjemaenje, pambali pake lamba wothetheka m'mbali. Pansi analemba kuti, "Malume, abwana agulanso lamba wina. Akuti malamba a masiku ano ngachabechabe." Ndinamuyankha kuti, "Iwe, wawaonetsa puleyo?" Akuti anawaonetsa, koma abwanawo anangoti dzimbiri pa boti ndi nkhani yatsiku ndi tsiku, aike lambayo basi.

Zinandipweteka, ndipo mpaka lero zikundipwetekabe. Mudzandivomereza kuti palibe chinthu chimanamiziridwa mlandu pa injini kuposa lamba. Iye ndiye amalira, iye ndiye amaduka, iye ndiye wotsika mtengo, ndiye aliyense amaloza iye chala.

Injini ya dizilo ya m'boti lamatanga, kaya ndi Yanmar kaya Volvo Penta, kawirikawiri imakhala ndi mapule atatu kutsogolo kwake. Yaikulu ili pansi, ndiyo imazunguzidwa ndi injini yeniyeniyo. Ina imayendetsa pampu yamadzi oziziritsa injini, inayo ndi ya alternator yotchaja mabatire. Lamba mmodzi amakoleka onsewo. Lamba wa mtundu umenewu sagwira pansi pa kangalande ka pule ayi. Amagwira m'mbali mwake, mmene mwapendekeramo. Mbalizo zikakhala zosalala, lamba amakhala zaka. Zikachita dzimbiri zimakhala zaukali, ndipo injini ikamazungulira maulendo 2,000 kapena kuposa pa mphindi imodzi, dzimbiri lija limapala labala osapuma. Lamba amachepa, amalowa pansi pa kangalande, amayamba kuterereka n'kumalira. Mabatire sadzaza. Madzi sayenda bwino, injini n'kuyamba kutentha.

Tsono ganizirani nthawi imene munthu wa boti lamatanga amafuna injini. Pakati panyanja mphepo imamukwanira. Injini amaidzutsa potuluka ndi polowa padoko, kapena mphepo ikati zii. Doko la Durban ndi limodzi mwa madoko otanganidwa kwambiri mu Africa muno, zombo zikuluzikulu zonyamula makontena zimalowa ndi kutuluka pakhomo limodzi lomwelo. Pamenepo ndi pamene lamba wodyeka uja amasankha kuduka. Kodi munthu angaike moyo wake ndi wa antchito ake pachiswe chifukwa cha ulesi wopala chitsulo?

Dzimbirilo silimangobwera. Madzi a m'nyanja yamchere amakhala ndi mchere wokwana pafupifupi magalamu 35 pa lita imodzi, ndipo injini zimenezi zimakoka madzi omwewo kuti zizizire. Pali pampu ina yaing'ono imene imawakoka, ndipo pa injini zambiri imakhala kutsogolo komweko, pafupi ndi mapule. Kalabala kotchinga madzi m'pampuyo kakatha, madzi amayamba kudontha. Dontho limodzi, kenako lina, lamba n'kumawamwaza paliponse. Ukayang'ana pansi pa pampu umapeza mzere woyera wa mchere wouma, nthawi zina wobiriwirako. Wolakwa mmodzi ndi ameneyo. Onjezerani chinyontho ndi kutentha kwa Durban, m'kachipinda ka injini kotsekeka kopanda mpweya, ndiye kuti chitsulo chilibe kothawira.

Koma chachikulu ndi kungokhala osagwira ntchito. Akuluakulu anati chiswe chimalowa m'mphasa yongoimika, ndipo mwambi umenewu ndimaukonda chifukwa sunandinamizepo. Pule imene ikuzungulira tsiku ndi tsiku imawala yokha, lamba amaipukuta. Boti lamatanga limatha miyezi litangokocheza, mwini wake ali ku Johannesburg, injini osailiza n'kamodzi komwe. Mbali ya pule imene lamba sanaphimbe imachita dzimbiri, ndipo ngakhale pansi pa lamba pomwe chinyontho chimabisala. Tsiku limene abwana abwera ndi alendo awo, injini imadzuka ndi mano.

Kukonza kwake si kwa mtengo wapatali, n'chifukwa chake nkhaniyi ikundinyansa. Uzimitse injini, uchotse kiyi ndi waya wa batire kuti wina asailize mwangozi. Umasule mabawuti a alternator, lamba atuluke. Utenge burashi yawaya uchotse dzimbiri lokhuthala, kenako sandipepa, woyamba wokhakhala, womaliza wosalala, upinde kuti alowe m'kangalande, upale mbali zonse ziwiri mpaka chala chiziyenda osakodwa. Pali mankhwala opha dzimbiri okhala ndi asidi wa phosphoric amene amalisandutsa lakuda. Amathandiza m'timaenje mmene sandipepa safika. Ukatero upukute bwino, nkhope ya pule uipake penti, koma m'kangalande musalowe girisi kapena oyilo, chifukwa lamba adzangoterereka. Pule ikakhala kuti yadyeka kwambiri, kapena ndi zija zachitsulo chopyapyala zimene dzimbiri limaboola, palibe kunyengerera, igulidwe ina. Ndipo pampu yodontha ija ikonzedwe tsiku lomwelo, apo ayi wangotaya thukuta.

Pali anyamata ena amati njira yachidule ndi kuliza injini n'kugunditsa sandipepa pa pule ikuzungulira. Amene wakuphunzitsani zimenezo sakukufunirani zabwino. Pule siidziwa kusiyanitsa sandipepa ndi chala, ndipo nsanza kapena mkono wa malaya ukakodwa, dzanja limatsatira.

Pomanga lamba watsopano pali chizolowezi china choipa. Lamba akalira, anthu amamukoka mpaka kuuma gwa, kuganiza kuti atha nkhani. Kulira kumaleka masiku angapo, koma mabering'i a alternator ndi a pampu ndiwo amasenza katunduyo, ndipo akatha mtengo wake si wa lamba ayi. Ukadina ndi chala chachikulu pakati pa mapule awiri otalikirana, lamba azilowa pafupifupi sentimita imodzi. Utengenso chitsulo chowongoka uchigoneke pankhope za mapule, uone ngati ali pamzere umodzi, poti pule yokhota imadya lamba mbali imodzi ngakhale ikhale yowala bwanji. Lamba watsopano amatamuka, choncho akayenda maola angapo umuonenso.

Wina anena kuti ife za maboti a anthu achuma zikutikhudza chiyani. Lowani m'chigayo cha dizilo chapafupi ndi kwanu. Yang'anani pakhoma kapena padenga: malamba oduka ali lendelende, ena osokedwa ndi waya. Mwini chigayo adzakuuzani kuti malamba a masiku ano salimba, mawu omwe aja a abwana a ku Durban. Mufunseni kuti pule anaiyang'ana liti, kapena denga lodontha pamwamba pa injini analifolera liti. Dzinja lonse chigayo chikamagaya mwa apo ndi apo, dzimbiri limakhala likugwira ntchito yake. Amayi oyenda mtunda ndi thumba la chimanga pamutu ndiwo amabwezedwa, ati lamba waduka, mubwere mawa.

Ndipo musandiyambitse za magalimoto ogona pamiyala kuseri kwa maofesi. Ambiri mwa iwo anaima chifukwa cha kachinthu kamodzi kakang'ono. Anadikira siginecha, mvula inagwa, matayala anaphwa, batire inasowa, kenako wina anabwereka alternator osabweza. Pomwe nyanja yathu ili ndi umboni wotsutsa zonsezi. Sitima ya Ilala inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique, n'kuyamba kuyenda panyanja ya Malawi mu 1951. Yakalamba, inde, ndipo madzi athu alibe mchere, koma chitsulo sichikhala m'madzi zaka zoposa 70 popanda manja a anthu opala dzimbiri, opaka penti, othira girisi, anthu amene maina awo sitiwamva pa wailesi.

Manja amenewo ndi amene sitiwalemekeza, ndipo apa ndi pamene pagona dandaulo langa lakale. Timadzudzula amakaniko kuti masiku ano amangodziwa kusintha zipangizo, sadziwa kukonza. Koma anawaphunzitsa ndani? Makaniko akatha maola awiri atagwada, akupala pule mpaka zala kuchita matuza, n'kutchula mtengo wake, mwini galimoto amafunsa kuti, "Nanga mwaikamo chiyani?" Akaona paketi ya lamba watsopano amapereka ndalama mosanyinyirika, mwezi wamawa n'kubweranso ndi vuto lomwelo. Makaniko nayenso ali ndi ana ofuna fizi. Aona kuti sandipepa samudyetsa, lamba ndiye amamudyetsa, ndiye azipalanso pule chifukwa chiyani? Wophunzira ntchito amene ali pambali pake akukula osaonapo pule ikupalidwa, ndipo tsiku limene adzatsegule galaja yake adzakugulitsani lamba katatu pachaka ndi mtima woyera, osadziwa n'komwe kuti pali china choti achite.